Tsiku Limene Tinasesa Buku

Nditamaliza maphunziro amene anandibweretsa ku Dublin, chipinda cha ku yunivesite nachonso chinatha. Ntchito ndinaipeza pa nyumba ina yosamalirako okalamba ku Coolock, koma pogona ndinalibe. Masiku amenewo wailesi inkalengeza m'mawa uliwonse kuti chuma cha dziko chadzukanso, ndipo ine ndinkaitukwana chamumtima ndili pa mzere wautali, mvula ikundikwapula, kudikira kuona kachipinda kamodzi kamene tonsefe tinkakafuna. Ukafika pakhomo, mwini wake ankakuyang'ana kamodzi n'kunena kuti adzakuimbira. Palibe amene anandiimbirapo.

Amene anandipulumutsa anali wansembe wina wokalamba, mzungu amene anakhala zaka zambiri pa mishoni ina kwathu, ndipo Chichewa chake chinali cha m'buku la nyimbo. Anati m'parishi mwake muli mayi wina, kutchalitchi sabwera koma ndi munthu, ndipo ali ndi chipinda chapamwamba chongokhala. Kenako anatsitsa mawu n'kundiuza kuti mayiyo amalemba mabuku. Ananena ngati mmene munthu amakuchenjezera kuti pakhomopo pali galu.

Ndinapeza mayi wamtali, wowonda, wa imvi mutu wonse, atavala juzi yachimuna yothothoka m'zigongono, akusuta fodya pakhomo la kuseri. Anandiuza kuti ndiziwatchula dzina lawo basi, monga amachitira anthu akuno. Lilime langa linakana. Munthu wa msinkhu wa amayi anga ondibereka sindikanamutchula dzina ngati mnzanga wa ku pulayimale, choncho ndinayamba kuwaitana kuti Mayi. Nditawauza tanthauzo lake anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti iwo sanaberekepo ndipo sanalakalakepo, koma ngati zikundipepukira ndipitirize. Nyumbayo sinali yawo. Ankachita lendi kuyambira ndisanabadwe, kwa bambo wina amene pa nthawiyo anali atangomwalira kumene, nyumba n'kugwera m'manja mwa ana ake.

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, makamaka tikutsuka mbale. Ali mtsikana ankagwira ntchito yotaipa makalata mu ofesi ina m'tauni, ndipo poti kunyumba kunali phokoso la abale, ankalemba m'basi, kuseri kwa matikiti ndi maenvulopu akale. Ankalemba za dziko limene kulibe: zilumba za anthu okumba mchere, kumene munthu akafa saikidwa m'manda koma amapatsidwa bwato ndi ntchito. Buku loyamba linayenda bwino moti anasiya kutaipa. Anatulutsa anayi, ena anamasuliridwa m'zinenero zimene iwo sankatha kuwerenga, ndipo ankaitanidwa kukayankhula m'maiko akutali pamaso pa anthu ovala ngati anthu a m'mabuku awo. Kenako mchimwene wawo anadwala, namudwazika zaka zambiri mpaka kumuika. Pamene ankadzutsa mutu, kampani yosindikiza inali itamezedwa ndi ina, ndipo achinyamata a m'maofesi atsopanowo sankadziwa n'komwe kuti mayiwo akadali moyo.

Koma nkhaniyo inali ya mabuku asanu. Lachisanu, lomaliza, linali litawatengera zaka zoposa khumi, ndipo ndi lokhalo limene ankadzukira m'mawa. Owerenga ankalembabe makalata kufunsa kuti lituluka liti. Wina anachita kufunsa ngati akufuna kufa asanalimalize, ndipo kalata imeneyo Mayi anaimata pa firiji.

Poyamba ndinkaona ngati zachibwana, munthu wa imvi kumapeka zilumba pamene dziko lenileni likuyaka moto. Ndinatenga buku loyamba kuti ndingowasangalatsa. Tsiku lachitatu ndinamira m'bukumo moti basi inapitirira nane mpaka kumapeto kwa ulendo, dalaivala n'kuchita kunditsitsa. Mumtima mwa nkhaniyo munali mtsikana wopalasa bwato amene anapita kukafuna bambo ake kwa akufa, ndipo nditawerenga onse ndinapeza kuti buku lachinayi linamusiya pakati pa nyanja, nkhafi itathyoka. Kuyambira pamenepo nanenso ndinalowa m'gulu la odikira, ndipo ndinkamvetsera pa makwerero ngati cholembera chikuyenda.

Ankalembera m'chipinda cha kutsogolo, chachikulu koposa m'nyumbamo. Lamulo linali limodzi: osalowa, osakhudza. Ndinkangosuzumira popereka tiyi pakhomo. Pansi ponse panali mapepala mbwee, kuyambira pakhomo mpaka pafupi ndi windo. Chizolowezi cha m'basi chija sanachisiye, moti ankalemba pa malisiti a m'sitolo, pa maenvulopu, pa zikutiro za mabokosi a tiyi. Pamwamba pa mapepalawo panali masupuni, miyala, mabatani, makapu, ndi ulusi wa mitundumitundu woyenda uku ndi uku. Iwo ankayendamo ndi masokosi okha, monyang'ama, ngati munthu wodutsa m'dimba la mbewu zongomera kumene.

Ine ndinaleredwa ndi mayi amene ankasesa bwalo tambala asanalire kachiwiri, ndipo chimene ndinaona m'chipindamo ndinachipatsa dzina nthawi yomweyo: uve. Ndinati ndi uve wa anthu ophunzira, umene timaukhululukira poti mitu yawo ili kwina. Zaka ziwiri ndinakhala m'nyumba imeneyo, ndikudya nawo, ndikukangana nawo za ndale ndi za Mulungu, koma sindinafunsepo kuti supuni ikutani pansi. Safunsa anadya phula.

M'mawa wina ndinawapeza kukhitchini atatsamira sinki, pakamwa patapotoka, akuyesa kunena chinachake chimene sichinkatuluka. Pa ntchito yanga ndinali nditaonapo sitiroko, choncho sindinachedwe kuitana ambulansi. Anagonekedwa milungu ingapo. Mlungu wachiwiri kunabwera kalata yochokera ku kampani imene inkayang'anira nyumbayo m'malo mwa ana a malemu aja. Inati pabwera munthu kudzayendera nyumba ndi kujambula zithunzi.

Ndinkadziwa mmene anthu ankachotsedwera m'nyumba masiku amenewo, pa zifukwa zazing'ono ngati nsabwe. Ndinaona m'maganizo mwanga munthuyo akutsekula chipinda chija, n'kulemba kuti alendi akusunga zinyalala zoti zingayatse moto. Nyumba ikapita, Mayi akalembera kuti buku lawo? Ndinafuna kuwafunsa, koma nthawi imeneyo mawu awo anali asanabwerere bwino, ndipo nesi anandipempha kuti ndisawabweretsere nkhawa. Choncho Lamulungu, Misa itatha, ndinaitula nkhaniyo kwa amayi anzanga a ku Malawi amene tinkapemphera limodzi.

Kwathu munthu akagonekedwa m'chipatala, amayi a mpingo sadikira kuitanidwa. Amapita kukasesa, kuchapa, kukolopa, kuti wodwala akatuluka apeze nyumba yopumira. Mwambo umenewu tinawoloka nawo nyanja, ndipo tinkaunyadira. Loweruka kunabwera amayi asanu, ena kuchokera ku Tallaght, atakwera basi ndi sitima ya m'tauni yotchedwa Luas, zitenje zili m'zikwama. Anawatsogolera a tcheya a gulu lathu, mayi wa mawu aakulu ndi mtima wabwino, amene ankagwira ntchito yophika. Nditatsekula chipinda chija anagwira m'chiuno.

"Koma azunguwa. Mpaka ma spoon pansi? Achemwali, two years yonseyi mumangoyang'ana?"

"Chonde amayi," ndinatero, "pepala ngakhale limodzi lisatayike. Limeneli ndi buku."

Ndinadziona wanzeru kwambiri ponena mawu amenewo. Ndipo amayiwo anamvera. Palibe pepala limene linatayika, ngakhale kachidutswa kochepa ngati chikhadabo. Tinawatola onse mwaulemu, n'kuwasanja monga mwa kukula kwake: malisiti paokha, maenvulopu paokha, makatoni paokha. Tinawamanga m'mitolo ndi malabala n'kuwalongedza m'mabokosi anayi a nthochi amene wina anapempha pa sitolo ya ku Moore Street. Ulusi tinaukulunga bwinobwino, mtundu uliwonse pawokha. Masupuni ndi makapu tinatsuka n'kubwezera kukhitchini, miyala tinaiponya m'kadimba ka kuseri, kapeti tinaichapa ndi makina obwereka. Tinkaimba nyimbo za kwaya tikugwira ntchito, mawindo ali otsekula. Ndiyenera kunena zoona: tsiku limenelo ndinali wokondwa kuposa tsiku lina lililonse chibwerereni m'dziko lino.

Woyendera nyumba uja anabwera, mwamuna wa suti yothina ndi nsapato zosongoka. Chipinda cha kutsogolo anachiyamikira kwambiri, anati n'chowala ndiponso chachikulu, ndipo anachijambula kuchokera m'ngodya zonse. Patangopita masiku ochepa mnzanga wa kuntchito anandionetsa chithunzi chomwecho pa foni yake, pa tsamba la nyumba zogulitsa. Kalata yotiuza tsiku lotulukira inatsatira. Anthuwo sankafuna chifukwa chilichonse, maganizo ogulitsa anali nawo kale. Ife tinangowasambitsira mbuzi yopita nayo kumsika.

Mayi anatuluka m'chipatala akuyenda ndi ndodo, dzanja lamanja lili lende, koma akuyankhula. Za kalata ndinawauza m'galimoto, ndipo anangogwedeza mutu n'kunena kuti miyezi imene atipatsayo ikwana, poti buku latsala pang'ono. Titafika sanavule n'komwe jasi. Analunjika ku chipinda chawo, ine ndili pambuyo, ndikumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Anaima pakhomo nthawi yaitali. Ndinkangoona msana wawo.

"Kapetiyi ndi yobiriwira," anatero. "Ndinali nditaiwala."

Ndinathamangira kuwaonetsa mabokosi, ndikulongosola kuti zonse zilipo, palibe chatayika, tasanja bwino. Anayang'ana mtolo umodzi wa malisiti, n'kuubwezera. Anandithokoza, anati ndine munthu wabwino, ndipo anapempha kuti ndiwathandize kukhala pansi.

Anandifotokozera masana omwewo, ndi mawu ozizira ngati akundiuza njira ya ku positi ofesi. Chipindacho ndicho chinali buku. Pakhomo panali poyambira, pawindo pothera, ndipo pamene pepala lagona ndi pamene zinthuzo zikuchitikira m'nkhani. Mapepalawo analibe manambala. Analibenso mayina a anthu, ankangolemba kuti iye anati, iye anapita, chifukwa dzina linali chinthu chimene chatsamira pepalalo. Supuni yaing'ono ya tiyi inali mtsikana wa bwato uja. Mwala wakuda unali bambo ake. Ulusi wofiira unkasonyeza amene akudziwa chinsinsi, wabuluu amene akunama. Mabuku onse anayi anawalemba choncho, ndipo ankataipa pokhapokha mapepala akafika pawindo.

Ndikanayenera kugwada. M'malo mwake ndinapsa mtima, monga ndimachitira manyazi akandikulira. Ndinawakalipira mayi wodwala, wongotuluka m'chipatala, kuti chifukwa chiyani sanandiuze, zaka ziwiri zathunthu, kodi ankandiona ngati wantchito wosayenera kudziwa kanthu? Anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Simunafunse," anatero. "Ndipo sindinkadziwa kuti padziko pali anthu amene amasesa chipinda cha munthu wina chifukwa chomukonda."

Tinayesa kubwezeretsa. Ndikaweruka kuntchito ndinkagwada pa kapeti, n'kumasula mtolo, n'kumawerenga mokweza pepala limodzilimodzi, iwo ali pa mpando, akuloza ndi ndodo pamene ndiliike. Masupuni tinawabweretsanso, miyala ndinakaitola m'dimba ngakhale sindinkadziwa ngati ndi yomweyo. Masiku ena tinkayala mapepala okwanira mphasa imodzi, ine mtima n'kuyamba kukhala pansi. M'mawa mwake ankawayang'ana n'kunena kuti ayi, munthu uyu sangayankhule pano, anafa kale, kapena mwina sanafe. Matenda aja anawasiyira mawu koma anawalanda kudziwa chimene chimayamba ndi chimene chimatsatira. Ngakhale pofuna kupanga tiyi nthawi zina ankathira madzi ozizira m'kapu kenako n'kuyatsa ketulo. Dongosolo limene mutu wawo sukanathanso kusunga linali litasungidwa pansi paja, ndipo ife tinalikolopa ndi sopo.

Loweruka lililonse kunkabwera anthu odzaona nyumba. Ambiri anali mabanja achinyamata a nkhope zotopa, ndipo sindikanatha kudana nawo ngakhale ndinkayesetsa. Ankalumpha mapepala athu mwaulemu, akupepesa, uku akuyeza khoma ndi maso kuti sofa yawo idzakwana pati.

A tcheya atamva zimene tinachita sanagone tulo. Anabwera ndi amayi onse aja kudzapepesa, atanyamula nkhuku yophika ndi mandasi, ndipo anagwada pakhomo la khitchini monga timachitira. Mayi anasowa pothawira. Anawachonderera kuti adzuke, anawapatsa tiyi ndi mabisiketi, n'kumabwereza kuti palibe kanthu, anachita bwino, nyumba sinayambe yawalapo chotero. Anayamikiranso mandasi. Ndikuperekeza amayiwo ku basi, a tcheya anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti bola akanatitukwana, munthu ukanadziwa kuti mlandu watha. Madzi akatayika saoleka, anatero.

Kutatsala milungu itatu kuti tituluke, ndinataya mtima ndi mapepala. Ndinabwera ndi kompyuta yanga, n'kuiika pa tebulo, n'kuwauza kuti tisiye zoyala pansi. Angondiuza mmene nkhani ikuthera, ine nditaipa, ngakhale masamba khumi okha, kuti anthu odikira aja adziwe ngati mtsikanayo anawapeza bambo ake. Ndinkanena za anthu odikira, koma ndinkadzinenera ndekha. Ndinkafuna kuti pakhale kanthu kena kamene sindinaphe.

Anandiyang'ana ndi chisoni, ngati wodwala ndine.

"Sindikudziwa mmene ikuthera. Sindinayambe ndadziwapo. Ndimayenda kuchokera pakhomo, ndikuwerenga, ndipo ndikafika pamene mapepala athera, phazi limadziwa poponda. Panatsala mapazi atatu kuti ndifike pawindo."

Ndinatseka kompyuta. Kuyambira tsiku limenelo sitinagwirenso ntchito m'chipinda chija, ndipo amene anatolanso mapepala tinayala aja anali ine ndemwe.

Mndandanda wa odikira nyumba za khonsolo unali wautali kuposa moyo umene Mayi anatsala nawo, ndipo ndi mwendo wokoka sakanatha kupikisana ndi achinyamata pa mizere ija. Mwana wa mchemwali wawo anabwera kuchokera kunja kwa mlungu umodzi, n'kuwapezera malo pa nyumba ina ya okalamba cha ku Tallaght. Chipinda chake chinali cha bedi, mpando ndi kabati imodzi, ndipo pansi pankayenera kukhala popanda kanthu kuti anthu asapunthwe. Ine ndemwe ndimauza abale a okalamba lamulo limeneli kuntchito kwanga, ndipo ndi lamulo labwino. Mabokosi a nthochi aja mwanayo anafuna kuwaponya m'chigalimoto cha zinyalala pamodzi ndi kapeti. Ndinawalanda. Mayi anaona, koma sananene kuti tengani kapena siyani.

Ine ndinakapeza bedi pafupi ndi Parnell Street, m'chipinda cha akazi anayi, mabedi osanjikizana ngati ku sukulu yogonera komweko. Lamulungu lililonse ndinkakwera Luas mpaka kumapeto kukawaona. Makalata a owerenga ankabwerabe mwa apo ndi apo, ndipo poyamba ndinkawawerengera. Tsiku lina anakweza dzanja lamanzere kuti ndisiye. Tinkangokhala, kuonera wailesi yakanema imene inkakamba za nyumba zatsopano zimene zidzamangidwe. Anzawo a m'nyumbamo sankadziwa kuti mayi wa pa mpando wa pakona analembapo kanthu, ndipo iwo sanawauze. Ndinawapepesa kambirimbiri, mpaka anandiuza kuti ndikapepesanso adzauza anesi kuti asamandilowetse. Sanandisungire mkwiyo. Ndikuganiza kuti analibenso mphamvu zake, ndipo zimenezo zimandipweteka koposa.

Anamwalira m'nyengo yozizira, chaka chachiwiri ali kumeneko. Nyuzipepala ina inalemba ndime zochepa, yati anali mmodzi mwa alembi a nthano za maiko opeka amene dziko lino linawaiwala msanga, ndipo kuti buku lawo lomaliza linawakanika. Mawu akuti linawakanika ndinawawerenga ndili m'basi, ndipo ndinatsika pamalo amene sindinkapita. Silinawakanike. Palibe amene anandifunsa, ndipo ine sindinalembere aliyense kuti ndikonze.

Chichokereni m'nyumba ija ndasamuka kangapo, ndipo mabokosi anayi aja ndimayenda nawo. Sindinakhalepo m'chipinda chimene pansi pake pangakwane ngakhale bokosi limodzi litayalidwa. Ndipo ngakhale nditachipeza, ndingayambire pati? Nthawi zina ndimasolola pepala limodzi pa mtolo. Malabala aja anayamba kuuma ndi kuduka, ndipo inki ya kutsogolo kwa malisiti inafufuta, koma pensulo ya Mayi kuseri ikuonekabe. Mwezi watha ndinasolola lisiti ya mkaka ndi fodya. Kuseri kwake analemba mzere umodzi wokha, wakuti iye anatembenuka, ndipo anali yemweyo.

Sindikudziwa amene anatembenuka, kapena amene anamuona. Sindikudziwa ngati pepalalo linatsamiridwa ndi supuni kapena mwala, ngati linali pakhomo kapena mapazi atatu kuchokera pawindo. Mbali ya kuwindo ndinatola ndine tsiku lija, ndikuimba, ndipo sindinayang'ane pamene pepala lililonse linali.